Ngamila zovala zitsulo mu mod yathu (gemu yosinthidwa ndi osewera) ya Rome: Total War, zikhale kapena zichoke?

Yamikani:
Moni nonse. Ntchito yokonza mayuniti a kum'mawa yafika pa ngamila, ndipo sindikufuna kukhudza export_descr_unit.txt, fayilo yolongosola mayuniti (magulu a asilikali a mu gemu), tisanamvane. Mu gemu ya 2004 ija a Parthia anapatsidwa Cataphract Camels, ngamila zokutidwa ndi zitsulo thupi lonse, pomwe a Numidia ali ndi Numidian Camel Riders. Kampeni yathu ikuyamba 270 BC n'kuthera AD 14. Maganizo anga ndi akuti mayuniti awiriwa achoke, ndipo ngamila zotsalazo zichepetsedwe mphamvu yogunda adani pothamanga. Ndikudziwa kuti ena mumazikonda kwambiri, choncho lankhulani.

Kondwani:
Ayi achimwene, apa ndiye sitigwirizana. Kodi Cyrus, mfumu ya Aperezi, anagonjetsa Croesus, mfumu ya ku Lydia, ndi chiyani? Si ngamila? Mahatchi a ku Lydia anali oopsa kuposa onse m'dera lija, koma atangomva fungo la ngamila anatembenuka. Nkhaniyi ili mwa Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki. Mukachotsa mphamvu ya ngamila pa mahatchi ndiye kuti mwachotsa mbiri yeniyeniyo.

Aphunzitsi Nkhoma:
A Kondwani, nkhani mwaitchulayo ndi yoona kuti Herodotus anailemba, koma tiyeni tiione yonse, chifukwa ikutsutsa zomwe mukufuna kuikira kumbuyo. Nkhondoyi inachitikira pa chigwa cha pafupi ndi Sardis cha m'ma 547 BC. Cyrus analibe gulu la asilikali ophunzitsidwa kumenya nkhondo ali pa ngamila. Amene anamupatsa nzeruyi anali Harpagus, Mmedi, ndipo ngamila zimene anagwiritsa ntchito zinali zonyamula chakudya ndi katundu wa asilikali. Anazitsitsa katunduyo, anakwezapo anthu, n'kuziika kutsogolo. Ntchito yake inali kuonekera ndi kununkha basi.

Chinanso chimene anthu amachidumpha: asilikali a ku Lydia sanathawe. Ataona kuti mahatchi akana, anatsika n'kumenyana ndi Aperezi wapansi, ndipo anthu anafa ambiri mbali zonse asanathawire mumzinda. Amene anapha anthu tsiku lija anali oyenda pansi ndi okwera mahatchi a Cyrus omwe amabwera pambuyo pa ngamilazo.

Xenophon naye anaifotokoza nkhondo yomweyi mu Cyropaedia. Bukulo lili ndi zopeka zambiri, sindingalidalire pa manambala. Koma Xenophon anali katswiri wa mahatchi ndiponso msilikali amene anayenda m'dziko la Aperezi, ndipo amanena kuti ngamilazo zinangoopseza mahatchi, okwerapo ake sanaphe munthu ndiponso sanaphedwe, kenako zinabwezedwa ku ntchito yonyamula katundu. Aperezi akanaona kuti apeza chida chothana ndi mahatchi nthawi zonse, bwanji sanachigwiritse ntchito pa Gaugamela mu 331 BC, pamene okwera mahatchi a Alexander anawaswa?

Chisomo:
Funso lomalizalo landigwira. Ine ndimasewera kwambiri gemu ina yotchedwa 0 A.D., kumeneko a Ptolemy ali ndi oponya mivi a ku Nabataea okwera ngamila, ndipo ndimawagwiritsa ntchito kuvutitsa anthu otola nkhuni ndi olima kumayambiriro kwa gemu. Kuponya n'kuthawa. Ndikuona ngati zimenezo zili pafupi ndi zomwe aphunzitsi akunena kusiyana ndi ngamila yothamangira m'mikondo.

Aphunzitsi Nkhoma:
Zili pafupi ndithu achemwali. Zithunzi zosema za m'nyumba yachifumu ya Ashurbanipal, mfumu ya Asuri, ku Nineveh, za m'ma 645 BC, zomwe pano zili ku British Museum, zimaonetsa Aarabu awiriawiri pa ngamila imodzi. Wina akuyendetsa ndi ndodo, wina akuponya muvi, ndipo akuthamangitsidwa ndi Asuri. Diodorus naye analemba za oponya mivi awiri okhala mofulatirana pa ngamila imodzi, wina kuyang'ana kutsogolo wina kumbuyo. Ngakhale m'Baibulo, pa 1 Samueli 30, Davide atakantha Aamaleki amene anafunkha Zikilagi, opulumuka anali anyamata 400 amene anakwera ngamila n'kuthawa. Ngamila ikumufikitsa munthu pamalo pomwe simumamuyembekeza, kenako ikumuchotsapo musanamugwire. Mphamvu yake inali imeneyo.

Kondwani:
Chabwino, nanga nkhondo ya Qarqar? Gindibu, Mwarabu, anabwera ndi ngamila 1,000 kudzamenyana ndi Shalmaneser III, mfumu ya Asuri, mu 853 BC. Munthu sangabweretse ngamila 1,000 kunkhondo kuti zizingonyamula ufa.

Tadala:
Mwala wa Kurkh, pomwe Shalmaneser analembetsa za nkhondoyo, umangotchula chiwerengerocho pamndandanda wa mafumu amene anagwirizana. Sukunena kuti zinaima pati kapena zinachita chiyani. Komanso ndi zaka pafupifupi 600 kampeni yathu isanayambe. Tiyeni tibwerere m'zaka zathu, apo ayi tikambirana mpaka mawa.

Yamikani:
Zoona. M'zaka zathu, nkhondo yomwe ndikuidziwa bwino ndi ya Magnesia mu 190 BC. Livy amati Antiochus III, mfumu ya a Seleucid yomwe inkamenyana ndi Aroma, anali ndi Aarabu oponya mivi okwera ngamila, onyamulanso malupanga owonda otalika mikono 4 kuti azifikira mdani ali pamwamba chonchija. Anaikidwa kuphiko la kumanzere, pafupi ndi magaleta okhala ndi zikwakwa. Eumenes wa ku Pergamon, yemwe anali mbali ya Aroma, atatumiza oponya mivi ndi miyala kukabalalitsa magaletawo, mahatchi a magaleta anapenga, chisokonezo chinagwera onse amene anali pafupi, ndipo phiko lonselo linagwa. Ndiye yuniti ya Aarabu a uta ndi lupanga lalitali ndikufuna ikhalepo kwa a Seleucid, ngati aganyu olembedwa ku Syria ndi Arabia. Koma isakhale yuniti yopambanitsa nkhondo.

Lupanga la mikono 4 lija likuonetsanso vuto lake. Munthu ali pa ngamila amakhala kutali ndi amene akufuna kumubaya. Ngamila sitembenuka msanga ngati hatchi, ndipo pa liwiro la mtunda waufupi hatchi imaisiya.

Kondwani:
Ndiye mvetserani iyi, chifukwa ndaisungira pomaliza. Nisibis, AD 217. Herodian akunena kuti Artabanus, mfumu ya Parthia, anabwera ndi asilikali ovala zitsulo, okhala ndi mikondo italiitali, ena ali pa mahatchi ena pa ngamila, ndipo anavutitsa Aroma a Macrinus kwambiri pobaya kuchokera pamwamba. Nkhondo inatenga masiku atatu. Amenewa si onyamula katundu, si othawa, ndi asilikali ogunda. A Creative Assembly, opanga gemuyi, sanangolota yuniti imeneyi.

Komanso Josephus akufotokoza kuti Obodas mfumu ya Nabataea anamutchera Alexander Jannaeus, mfumu ya Ayuda, cha m'ma 93 BC, ndipo khamu la ngamila linakankhira asilikali ake m'chigwembe chakuya, iye n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Imeneyo ili m'zaka zathu zenizeni.

Aphunzitsi Nkhoma:
Apa mwabweretsa umboni wolemera, a Kondwani, ndipo suyenera kukankhidwira pambali. Ndiyankha ziwirizo padera.

Za Nisibis: Herodian akukamba za anthu ovala zitsulo. Sakufotokoza kuti nyamayo nayonso inavekedwa, ndipo chovala chachitsulo cha ngamila chija chimene timachiona mu gemu ndi chojambula cha okonza gemu. Ku Dura-Europos ofukula anapeza zovala zenizeni za mamba achitsulo ndi amkuwa zoveka mahatchi, ndiye za mahatchi tili ndi chogwira m'manja. Chachiwiri, onani momwe Aroma anathanirana nazo. Ankachita ngati akubwerera, n'kumwaza pansi tizitsulo taminga tosongoka timene timabisika mumchenga. Herodian akuti ngamila ndizo zinavulala kwambiri chifukwa mapazi ake ndi ofewa, zinagwada n'kugwetsa okwerapo. Chachitatu, ndi chaka cha 217, zaka zoposa 200 kampeni yathu itatha, ufumu wa Parthia utatsala pang'ono kugwa. Pa Carrhae mu 53 BC, pomwe ndi pakati pa nthawi yathu, Plutarch akutchula okwera mahatchi ovala zitsulo 1,000 a Surena, kazembe wa Parthia, ndi ngamila 1,000 zonyamula katundu. Ngamila zogunda palibe.

Ndipo Carrhae ndi pamene ngamila inachita zazikulu kuposa kwina kulikonse. Asilikali a Crassus, kazembe wa Aroma, anapirira mivi poganiza kuti ikatha adzamenyana pafupi, lupanga kwa lupanga. Kenako anamva kuti pali ngamila zambiri zosenza mivi, ndipo oponya akamaliza phodo amapita kukatenga ina n'kubwerera. Apo ndi pamene mtima wa Crassus unagwa, mpaka anatuma mwana wake Publius kukathamangitsa adani, ulendo womwe sanabwereko. Ngamila zimenezo sizinabaye Mroma ndi mmodzi yemwe, koma popanda izo nkhondoyo ikanayenda mwina.

Za Obodas: ndikuvomereza kuti ngamila zinagwiritsidwa ntchito kukankha anthu. Koma unali msampha pamalo opanikizika, m'mphepete mwa phompho, osati pa chigwa pomwe magulu aima moyang'anizana. Ndingagwirizane ndi yuniti ya ku Nabataea yokhala ndi thupi lolemera, yokankha oyenda pansi opanda zida zolemera. Zimenezo ndi zosiyana ndi kuthamangira phalanx, gulu lothithikana la oyenda pansi a mikondo italiitali.

Mphatso:
Ine ndilankhuleko mbali ya osewera. Sitikulemba buku la sukulu, tikukonza gemu. Mukachotsa chilichonse chimene chilibe umboni wokwanira, magulu a kum'mawa onse afanana: oponya mivi pa hatchi, ovala zitsulo pa hatchi, oyenda pansi ofooka. Munthu akasankha Parthia amafuna aone chinthu chimene Armenia alibe. Ngamila ija ndi yokongola, ndipo mng'ono wanga anayamba kufunsa za Parthia chifukwa cha iyo. Zimenezo zilinso ndi phindu.

Tadala:
A Mphatso, mfundo yanu ndaimva, ndipo ndikuganiza kuti tingathe kusunga kusiyanako popanda kunama. Ndifotokoze momwe injini imachitira, chifukwa vuto lalikulu silili pa chithunzi cha yuniti koma pa mizere iwiri.

Mzere woyamba ndi wa attributes. Ngamila zimapatsidwa frighten_mounted (kuopseza mahatchi), ndipo chimenechi sichisankha: hatchi iliyonse yomwe ili pafupi imagwa mtima, kaya ndi ya ku Gaul kaya ndi ya ku Arabia. Apa ndi pamene gemu imalakwira kwambiri. Hatchi imaopa ngamila chifukwa sinaizolowere. Zili ngati ng'ombe zodyera m'mphepete mwa msewu, galimoto ikamadutsa sizidzutsa n'komwe mutu, pomwe zakumudzi kwenikweni zimabalalika. Okwera mahatchi a Surena ankayandikira ngamila zija kukatenga mivi nkhondo ili mkati. Mahatchi awo akanakhala oopa, njira imeneyo sikanatheka.

Mzere wachiwiri ndi mount_effect. Uwu ndi wabwino chifukwa umalembedwa pa yuniti iliyonse payokha. Mayuniti ambiri a mahatchi ali ndi camel -4, kutanthauza kuti akakumana ndi ngamila mphamvu yawo imatsika. Ndiye ndikupempha tichite chonchi: tichotse frighten_mounted pa ngamila zonse, tichotse camel -4 pa mahatchi a Parthia, Arabia, Syria ndi Egypt, koma tiisiye, mwinanso kuikweza, pa mahatchi a Gaul, Germania, Iberia, Italy ndi Greece. Mantha akhale mwa hatchi yachilendo, asakhale mphamvu yomwe ngamila imayenda nayo paliponse.

Kenako stat_ground. Pamenepo pali manambala anayi: tchire, mchenga, nkhalango, chipale chofewa. Ngamila ipatsidwe zambiri pa mchenga, ilangidwe m'nkhalango ndi pa chipale. Pa stat_heat isatope msanga kukatentha. Mukatero, amene watenga ngamila kupita nazo ku nkhalango za Germania adzazimva yekha.

Chisomo:
Ndiye za anthu awiri pa ngamila imodzi zingatheke?

Tadala:
Mu injini iyi hatchi ndi ngamila zimanyamula munthu mmodzi. Zonyamula angapo ndi njovu ndi magaleta. Tikailemba ngati njovu iyamba kugwetsa anthu ngati njovu, ndipo tikhala tabweretsa bodza lalikulu pofuna kukonza laling'ono. Tisiye wokwera mmodzi.

Kondwani:
Za mount_effect ndagwirizana nazo, ndi zanzeru. Ndipo Herodotus yemweyo akuti Xerxes popita ku Greece mu 480 BC anaika Aarabu a ngamila kumbuyo kwenikweni kuti asaopseze mahatchi a asilikali ake omwe, ndiye mantha aja analipodi kwa mahatchi ochokera kumadera opanda ngamila. Koma za kuchotseratu ngamila zovala zitsulo ndikukanabe. Ngati zinaliko mu 217, sizinagwe kumwamba chaka chimenecho. Panali anthu amene anayamba kuyesera kale.

Aphunzitsi Nkhoma:
N'kutheka, koma tikayamba kulowetsa zinthu chifukwa choti mwina zinayamba kale, tilowetsanso zambiri zomwe tinazikana kwa Aroma. Pali nkhani ya chishalo imene ingatithandize kuganiza. Richard Bulliet, m'buku lake la 1975 lotchedwa The Camel and the Wheel, ananena kuti chishalo cha kumpoto kwa Arabia, chokhala ndi mitengo yopingasa yozungulira linunda, chinatulukira pakati pa 500 ndi 100 BC. Chisanabwere, munthu ankakhala pa zotsamira kapena kumbuyo kwa linunda, malo oti sungabaye mwamphamvu osagwa. Chishalo cholimbacho ndi chimene chinapatsa wokwera pokhazikika kuti agwiritse mkondo kapena lupanga. Akatswiri ena amatsutsa kukula kwa kusintha kumene Bulliet akuti chishalochi chinabweretsa, koma kwa ife chikutipatsa njira yabwino: kumayambiriro kwa kampeni ngamila zikhale za uta, za mkondo zibwere mochedwa.

Onaninso Aroma omwe. Iwo anali anthu otengera chida chilichonse chabwino kwa adani awo. Trajan, mfumu ya Roma, anakhazikitsa gulu la okwera ngamila lotchedwa ala I Ulpia dromedariorum kum'mawa. Koma m'magulu wamba ngamila zinali zochepa zedi. Kaundula wa cohors I Augusta Lusitanorum ku Egypt wa chaka cha AD 156 akuonetsa anthu 505, mwa iwo okwera mahatchi 114, okwera ngamila 19 okha. Ku Dura-Europos, cohors XX Palmyrenorum inali ndi okwera ngamila ongopitirira pang'ono 30 pa gulu la anthu pafupifupi 1,000. Chiwerengero chotere ndi cha olondera njira za m'chipululu, operekeza apaulendo ndi onyamula makalata.

Yamikani:
Palibe amene waikira kumbuyo Numidia. Ndizichotse?

Mphatso:
Kumpoto kwa Africa kopanda ngamila? Zikumveka zachilendo.

Yamikani:
Zikumveka choncho chifukwa timaona Sahara ya lero. Hannibal anali ndi njovu ndi okwera mahatchi a ku Numidia, amene ankakwera opanda chishalo ngakhale zingwe za pakamwa, ndipo pa Cannae mu 216 BC anagwira ntchito yaikulu. Ngamila sizimveka m'nkhondo zake. Mu 46 BC, pa nkhondo ya Caesar ku Africa, wolemba wake anaona kuti ndi chinthu choyenera kulemba kuti Caesar anagwira ngamila 22 za Juba, mfumu ya Numidia. Zinalipo, koma zochepa. Zinachuluka patapita zaka mazana.

Aphunzitsi Nkhoma:
Ndipo zitachuluka, onani momwe anthu a kumeneko anazigwiritsira ntchito. Procopius akufotokoza za Cabaon, mtsogoleri wa Amoor a kufupi ndi Tripoli, amene anazinga msasa wake ndi ngamila zoimikidwa mizere 12 kuzungulira, akazi ndi ana ali mkati, amuna ataima pakati pa miyendo ya nyamazo ndi zishango ndi nthungo. A Vandal anali odziwa kumenya ali pa hatchi pokha, mahatchi awo anakana kuyandikira, ndipo anaphedwa ambiri. Patapita zaka, pa Mammes, Amoor anachitanso chimodzimodzi kwa Solomon, kazembe wa Justinian. Mahatchi a Aroma anasokonezeka poyamba, koma Solomon anatsika, anatenga anthu 500 wapansi, anapha ngamila pafupifupi 200 ndi malupanga n'kuboola mpandawo. Ngamila inali linga, anthu ankamenya ataima pansi. Mankhwala ake anali omwe aja a anthu a ku Lydia zaka zoposa 1,000 m'mbuyomo: tsika pa hatchi.

Chisomo:
Ngati ntchito yaikulu ya ngamila inali kunyamula madzi, mivi ndi uthenga, kodi sitingaonetse zimenezo pa mapu a kampeni m'malo mwa pabwalo la nkhondo? Cambyses, mfumu ya Aperezi, polowa Egypt mu 525 BC anadutsa chipululu chifukwa mfumu ya Aarabu inamutumizira madzi m'matumba achikopa pa ngamila. Alexander atafuna kuti kazembe wake Parmenion aphedwe ku Ecbatana mu 330 BC, amithenga anakwera ngamila zothamanga n'kufika m'masiku 11, mbiri ya imfa ya Philotas, mwana wa Parmenion, isanamupeze. Zinthu ngati zimenezi mu gemu siziwoneka n'komwe.

Tadala:
Zingatheke pang'ono. Mu export_descr_ancillaries.txt tingapange wotsatira kazembe, mwini ngamila zamtengatenga, amene amawonjezera MovementPoints (mtunda womwe asilikali angayende pa mapu), ndipo azipezeka kokha kazembe akakhala m'mizinda ngati Petra, Palmyra, Bostra kapena Hatra. Za Carrhae, tikweze chiwerengero cha mivi pa stat_pri ya oponya mivi a pa hatchi a Parthia kuposa a mitundu ina, ndipo m'mawu ofotokoza yuniti tilembe chifukwa chake. Pamenepo a Mphatso apeza kusiyana kwa Parthia ndi Armenia komwe amafuna.

Ndikumbutsenso ojambula: za Arabia, Syria ndi Egypt zikhale za linunda limodzi. Ya malinunda awiri ndi ya ku Bactria ndi zigwa za pakati pa Asia, yaubweya wambiri, yopirira kuzizira, ndipo ntchito yake yaikulu inali katundu.

Mphatso:
Za mivi yochuluka zandisangalatsa, koma muyese bwino. Oponya mivi a pa hatchi ndi ovuta kale kuwagwira mu gemu iyi. Mukawapatsa mivi yosatha, palibe amene adzafune kusewera Seleucid.

Kondwani:
Ine pempho langa latsala limodzi. Yuniti ya zitsulo ija musaifufute m'mafayilo. Ichotseni m'nyumba zolembera asilikali za kampeni, koma ikhalebe mu custom battle (nkhondo yodzikonzera wosewera), ndipo tikonze nkhondo ya Nisibis ngati historical battle. Chovala cha nyamayo chichoke, wokwerayo akhale ndi zitsulo zake ndi mkondo wake wautali monga akunenera Herodian.

Aphunzitsi Nkhoma:
Zimenezo ndingazisainire. Mawu ofotokoza nkhondoyo ndilemba ine, m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Yamikani:
Chabwino. Numidian Camel Riders achoka, m'malo mwake ndiwonjezera gulu lina la okwera mahatchi a nthungo. Aarabu a uta ndi lupanga lalitali alowa ngati aganyu, a mkondo a ku Nabataea adzatseguka pa nyumba zapamwamba. A Tadala, mizere ya mount_effect ndi yanu, ndikutumizirani mndandanda wa mayuniti a mahatchi usiku uno. Chimene sindikudziwa ndi mahatchi a Seleucid: ena ndi a ku Media ndi Syria, ena ndi a Agiriki okhala m'mizinda ya ku Asia Minor. Tiwaike mbali iti?

Tadala:
Agaweni potengera komwe amalembedwa. A ku Media ndi Syria asaope, a ku Asia Minor akhale ndi theka la chilangocho, camel -2. A Kondwani, Loweruka muyese ngamila za mkondo pa okwera mahatchi a ku Gaul, kamodzi pa mchenga kamodzi pa udzu, mutiuze kuti atsala angati mbali iliyonse.